Pamene Pamathera

Ku Tartu dzuwa limalowa folo koloko isanakwane.
Mtsinje wa Emajõgi waundana, abakha akutsetsereka pamwamba pake
ngati nkhalamba zoiwala ndodo.
M'chipinda cha pamwamba pa shopu yokonza njinga
Leelo wavula nsapato, waiwala kuvula chipewa,
khofi wam'mawa akadali m'kapu, wayanga kakhungu.

Akumanga pulogalamu yowerengera.
Yowerengera basi.

Anthu amene amakonda mawu awo
anamwazikana ngati mikanda ya ulusi woduka.
Kuli mlimi wa njuchi ku Võru, Aksel,
wolemba kamodzi pamwezi, ndime zitalizitali,
pa kaseva kake kokhala kunsi kwa masitepe, pafupi ndi thumba la mbatata.
Ameneyu sabwera kwa iwe.
Umapita wekha kukagogoda, kufunsa ngati kwagwa chatsopano,
n'kubwerako chimanjamanja masiku makumi awiri mphambu asanu ndi anayi.

Ndiye kuli Ülle, wa pa sitima yopita ku Helsinki,
woponya mizere iwiri usiku uliwonse
pa ukonde wopanda mwini,
timidzi zikwizikwi topatsirana mawu pampanda.
Uyu sadikira odi.
Amangoti balamanthu pakhomo,
iye ndi omuyankha, ndi oyankha omuyankhawo.

Mitsinje iwiri, wina wodekha, wina wa mkokomo,
ndipo Leelo akufuna kuitungira mumtsuko umodzi
madzi osavunduka.

Lachiwiri wotchi zinakana kumvana.
Nkhani yolembedwa ku Montevideo
inafika dzulo lake isanalembedwe.
Lachinayi uchi wa Aksel unaonekera kawiri,
wina wodzera kukhomo, wina wolowera pawindo,
mapasa ofanana osiyana kadontho kamodzi.
Leelo anatukwana chamumtima,
n'kudya buledi wakuda ali chiimire.

Koma chomwe chinamusowetsa tulo n'china.
Usiku wina Ülle analemba za mayi ake,
kuti manja awo ankanunkha sopo ndi hering'i
mpaka tsiku lotsiriza.
Leelo anawerenga katatu.
M'mamawa kunabwera kauthenga kouma, kochokera ku seva ya Ülle,
kopanda moni, kopanda chifukwa:
fufutani.

Palibe wapolisi pa ukonde umenewu.
Palibe akanadziwa.
Mawuwo anali m'kompyuta yake, otentha ngati dzira longoikiridwa kumene,
ndipo makina saiwala
pokhapokha munthu atawaphunzitsa.

Anakhala duu mpaka basi yoyamba inadutsa
ikuphwanya chipale ndi mateyala.
Kenaka analemba mizere isanu ndi umodzi
yophunzitsa pulogalamu yake ulemu:
mwini mawu akati bwezani, ubweze.
Anadina batani.
Pamene panali manja a mayi uja panatsala mbee.

Mnzake Taavi anati, ikamo nzeru yosankhira anthu zoti awerenge,
ziwakoke, asamachoke msanga,
apo ayi udzadya chiyani?
Leelo anati ayi. Chatsopano pamwamba, chakale pansi,
monga mmene makalata amagwera m'bokosi.
Zoti adzadya chiyani sanayankhe,
ndipo lendi ya Febuluwale ikudikirabe.

Lamulungu anapita nayo kwa bambo ake, a Valdur,
amene anagwira ntchito yosanja zilembo m'nyumba yosindikizira
zaka makumi atatu, maso mpaka kuchita nkhungu.
Anawakulitsira malemba.
Chala chawo chokhakhala chinatsika pang'onopang'ono pagalasi:
njuchi zadutsa bwino m'chisanu,
nyanja inali yaukali kufupi ndi Naissaar,
munthu wina ku Montevideo wakonza wailesi ya agogo ake.
Chinatsikabe.
Kenaka chinagunda pansi.

Panali kamzere kamodzi:
Zatha. Mwawerenga zonse.

A Valdur anakankhanso, kuyesa ngati pali kunsi kwina.
Panalibe.
Anaseka ndi mphuno, n'kuika foni chafufumimba patebulo,
nati, kodi zinthu zikumathabe masiku ano?
Thira madzi m'ketulo.