Matope a Ndaziona

Ndili pa mzere wa feteleza ku Kamwendo,
chiimire kuyambira tambala woyamba,
foni inanjenjemera m'thumba la jekete.
Ndaziona, mwana wanga wachitatu,
uja anakana khasu ali sitandade sikisi.
Akuti ali m'sitima ya pamadzi,
sabata yachisanu osaponda dothi.

Akuti, Bambo, dzulo tinamiza chipaipi
makilomita anayi pansi pa nyanja yamchere,
chinabwerako ndi matope.
Ndinaseka mpaka Mlauzi anandigunda ndi chigongono.
Ng'ombe ziwiri ndinagulitsa, njinga pamwamba,
kuti ukatape matope?
Ku dambo la Bua anatha?

Akuti matopewo ali ndi eni ake,
tizilombo tosaoneka ngakhale ndi diso la kabawi,
kumene dzuwa silinapondeko chilengedwere,
kozizira kuposa Juni wa m'phiri la Mchinji.
Mukukumbuka fungo la m'khola la mbuzi m'mawa,
lija loboola mphuno? Dzina lake amoniya.
Zakufa za m'nyanja zimatsika ngati phulusa la lupsa,
zaka ndi zaka zikutsika,
zikawola, fungo ndi lomwelo.
Tizilomboto timadya pomwepo,
timapuma kampweya kotsalira m'matope,
n'kusiya naitireti,
mchere womwe chimanga chanu chimalirira
masamba akayamba chikasu.

Kenaka netiweki inathawa.

Ndinatsala ndi foni yozizira kukhutu.
Alimi a kumdima,
opanda kuponi, opanda chiphaso,
palibe kapitawo wowerenga mizere yawo,
sanamvepo kuti kuli Lamulungu.
Kaganyu kachete, pansi pa madzi olemera
kuposa mabelo onse a fodya a ku okushoni.

Dzuwa lili paliwombo kalaliki anatuluka,
anapukuta thukuta ndi risiti:
matumba atha, mubwere Lachinayi.

Ndinabwerera wapansi, ndalama zili m'sokosi.
Sindinalowe m'nyumba.
Ndinagwada m'khola, ndinatapa ndi manja awiri,
chinyontho chakuda, chofunda ngati mimba ya mbuzi,
ndinanunkhiza mpaka misozi,
ndikuyang'anitsitsa ngati wina andigwedezera mutu.

Ndaziona, yureya wanga wa chaka chatha
anakokoloka ndi mvula ya Januwale usiku umodzi,
Bua anasenza osatsanzika.
Madzi sagona panjira.
Ukamizanso chipaipi chako mawa,
ukawafunse anzakowo ngati katundu anafika,
ndipo ngati anadya,
asavutike kubweza.