Singano pa Mzere Wofiira

Ndakankhira ndodo ya giya pambali,
paja alembapo kuphatikiza ndi kuchotsera,
ndati lero woyendetsa ndine.

Tangodutsa pa Chinkhoma,
lole ya fodya ikududuluza kutsogolo,
mabelo ali pendapenda.
Ndatsitsira pa giya yachitatu, ndaponda moto.
Injini yabuma. Singano yakwera,
faifi, sikisi,
yanunkhiza mzere wofiira,
kenako gwedye! yasintha yokha.
Folo.
Ine dzanja lili m'malere, sindinakhudze kanthu.

A Gelesomu kumanzereku aseka chikhakhali,
zikhadabo zakuda ndi girizi wa zaka makumi atatu:
"Imeneyi imakugwiritsa chingwe, mphwanga,
koma mbuzi njake."

Potsetserekera ku Bua ndayesanso.
Ndapempha yachiwiri, liwiro likadali handiredi.
Yangoti pi-pi,
ngati kalaliki wa ku banki wokukaniza ngongole
akumwetulira.

Bambo anga anaphulitsa injini ya lole ya eni
pa chitunda cha ku Santhe,
palibe chinawagwira mwendo.
Anabwera wapansi, jekete paphewa,
ntchito itathera pomwepo.
Nkhaniyo ankaisimba monyadira mpaka imvi,
ife tikugawana ndiwo zopanda mchere.

Ndabwezera ndodo pamalo pake.
Singano yatsika, yakhala phee pa thuu.
A Gelesomu ayamba kusinza.

Ine ndikuyendetsabe, kapena ndingoti ndagwira chiwongolero,
osadziwa ngati chitsulo chimenechi
ndichithokoze
kapena ndichitukwane.