Kaundula wa Zida

Ine sindipita nawo.
Ntchito yanga imathera pa kazenera kachitsulo,
pomwe ndimapereka mfuti ndi dzanja lamanja,
lamanzere likulemba nambala.
Amabwera ali duu, nkhope zitabisika m'nsalu zakuda,
koma ine ndimawadziwira zala:
Rinat ali ndi chipsera pachala chachikulu,
Saveliy amaluma zikhadabo mpaka magazi,
Marat amagwira cholembera ngati chimuthyokera m'manja.

Usiku wathawu anasaina anthu khumi ndi awiri.
Zisoti khumi ndi ziwiri, chilichonse cholemera ngati khanda,
malaya otchinga chifuwa,
magalasi osandutsa mdima kukhala wobiriwira ngati ndere,
chishango chimodzi chobooledwa kale pakona,
ndi zipolopolo zimene ndinawerenga kawiri
poti chosowa m'buku amachidula pamalipiro anga.

Galimoto yamatayala asanu ndi atatu inabangula pabwalo
n'kulowera kumapiri, cha ku Buynaksk,
chipale chofewa chikufufuta momwe yaponda.
Ndinatsala ndi ketulo ndi wailesi.

Wailesi siichulutsa gaga m'diwa.
Imati, nyumba yachitatu.
Imati, tazinga.
Kenako zii, ola lathunthu,
tiyi n'kuchita kuzizirira m'kapu,
mpaka mawu a Marat, osasa:
mmodzi wathu wagona.

Abwerera dzuwa litakwera.
Chisoti cha Saveliy wabweretsa ndi Rinat,
atachigwira ndi manja awiri
ngati mbale yodzaza yosafunika kutayikira.
Kumanzere kwake kuli kabowo
kosalowa n'komwe chala chakanise.
Bukuli lili ndi mzere wolembapo zowonongeka.
Ndalemba.

Pa kanema akuti zigawenga zitatu zaphedwa,
bomba limene zimakonza m'chigubu cha penti
silinafike kumsika.
Chigubucho ndachiona pachithunzi, misomali ili tho.
Mlongo wanga Taisiya amagula kabichi kumsika womwewo
Loweruka lililonse, mwana ali pambali.
Sindikutsutsa kanthu.

Kungoti ine ndine munthu wa masamu.
Zipolopolo zosabwerera zakwana mazana asanu ndi anayi.
Anthu atatu sangameze zonsezo.
Zina zili m'khoma la eni ake,
zina m'chitofu, m'matiresi, m'thunthu la mtengo wa maapozi
umene udzaphuka nazo chilimwe chikubwerachi.

Rinat akupukuta mfuti yake, sakundiyang'ana.
Akuti pabwalo panali mayi wovala nsapato imodzi,
ankaitana ng'ombe yake ndi dzina,
ng'ombeyo ili kwala pansi pa denga la khola.
Pomukokera kuseri kwa galimoto
mayiyo anamulalatira m'chinenero chimene iye samva,
koma pemphero limene anayamba pambuyo pake
Rinat analidziwa mawu ndi mawu:
ndi lomwe amayi ake amanena ku Kazan
akamamuperekeza kokwerera sitima.
Akuti milomo yake inayamba kuyenda yokha
kuseri kwa nsalu yakuda ija.

Ndatsegula buku, ndasanthula masamba onse.
Mulibe mzere wa ng'ombe.
Mulibe wa nsapato.
Mulibenso wa msika umene mawa udzatsegulidwa bwinobwino,
ogulitsa nsomba akukangana za chenje,
osadziwa dzina la Saveliy.

Mfuti yake ndaimasula ndekha.
Mwaye wochepa: anangoomba kasanu.
Pa lamba anamangapo ulusi wofiira,
sindikudziwa anamupatsa ndani.
Malamulo akuti chida chibwerere momwe chinachokera kufakitale.
Ndadula ulusiwo, ndauika m'bokosi la machesi,
m'dirowa momwe muli kale mabokosi ena anayi.

Lolemba akutumiza wina.
Adzaima pa kazenera kano, maso okha ali pamtunda,
ndidzamukankhira mfuti nambala yomweyo,
yonunkhira mafuta ngati yatsopano.
Iye adzawerama kuti asaine.
Ine ndidzayang'ana zala.