Fomu Ilibe Malo a Madzi

Ndinafika pa njinga yamoto ya boma
belu loyamba lisanalire,
koma malaya anali atamamatira kale kumsana.
Kuno kuchigwa ngakhale mthunzi umatuluka thukuta.

M'chikwama munali fomu ya masamba anayi,
timabokosi tothinana ngati maso a ukonde:
analemba angati, akhoza angati,
anyamata pawokha, atsikana pawokha.

A hedi, bambo Alufandika,
anandipatsa mpando wa miyendo itatu,
wachinayi unali njerwa ziwiri.
Anatsegula kaundula wofufuma ngati mkate,
masamba opiringizika, inki itayenderera.
"Analemba makumi anayi ndi mmodzi.
Akhoza asanu ndi anayi."
Ananena maso ali pansi, ngati wolengeza zovuta.

Ndinalemba 9.

Pakhoma la Folomu 4 pali mzere wa matope
wodula bolodi pakati.
Ndi pomwe Shire anafika
chaka chomwe anabwera kudzaphunzira nawo.
Anakhala milungu iwiri osalipira fizi,
nachoka ndi mabuku a Bayoloje.
Iye atatuluka kunalowa anthu,
mabanja makumi asanu ndi mphasa zawo,
mbuzi zinagona mu laibulale,
madesiki ena anapsa pophika nandolo wa chithandizo.
Teremu yachiwiri inathera pansi pa mtondo,
choko chikusungunuka m'manja.

Ndinatembenuza fomu, tsamba ndi tsamba.
Malo a madzi mulibe.

Mayi Vizyalona a sayansi anandionetsa labu yawo:
katoni ya sopo, mabotolo a Sobo odulidwa pakhosi,
batire la wailesi, ndi phulusa m'kachitini.
Ati ana awo anakaiona maikulosikopu koyamba
tsiku lenileni la mayeso, pasukulu ya eni,
ndipo wina anaopa kuigwira
poganiza kuti akaiswa amulipiritsa mbuzi.

Koma ndisaname.
Mphunzitsi wa masamu sanaponde pano milungu itatu,
akuti ali ku Bangula, akupikula thonje.
Wina amasaina m'mawa, n'kusowa dzuwa likafika paliwombo.
Bokosi la zimenezo lilipo.
Ndinachonga mosangalala pang'ono,
ngati munthu wapeza poponda m'dambo.

Ndinafunsa za mayina odulidwa ndi cholembera chofiira.
Joaki akudula nzimbe ku Nchalo.
Minyaliwa anawolokera ku Mozambiki.
Atsikana atatu awa anakwatiwa madzi ataphwa,
pakhomo pomwe panalibe ndi khomo lomwe.

Nanga uyu wa mapointi khumi ndi asanu ndi anayi?
Esinta Semba.
Amachokera kutsidya, pa bwato la amalume ake,
yunifolomu m'jumbo pamutu.
Loweruka amakumba nyika m'madzi ofika m'chifuwa,
ng'ona zikuwothera dzuwa patsidya,
n'kugulitsa mbale imodzi kuti agule kandulo.
Pa fomu yanga Esinta ndi kandodo kamodzi
mwa tindodo tisanu ndi tinayi.

Madzulo ku ofesi ya maphunziro, paboma,
fani ikupukusa mpweya wotentha womwewo,
ndinaika masukulu pamzere.
Pamwamba yogonera konko, ya magetsi ndi mpanda,
yomwe imasankha ana ngati mbewu yosunga.
Ya bambo Alufandika inagwera nambala 23.
Pansi pake panali zitatu zokha,
zonse za m'mbali mwa mtsinje.

Kumapeto kwa fomu kuli mizere iwiri
yolembedwa kuti Ndemanga.
Ndinaiyang'ana mpaka magetsi anathima.
Madzi, mbuzi, bwato, Esinta,
zonsezi pa mizere iwiri?

Ndinayatsa tochi ya foni
ndi kulemba zomwe timalemba chaka chilichonse:
Awonjezere khama.

Ndinadinda chidindo.
Povula nsapato kunyumba
ndinapeza dothi la m'kalasi muja
litauma pansi pake, lolimba ngati simenti.
Mpaka lero sindinalipale.