Buledi wa Ishbel

Chimuikireni waya m'mano Ishbel,
buledi wa kusitolo ya pakona wasanduka mdani.
Khungu lake limamucheka nkhama,
ndipo sangweji imabwerera kunyumba madzulo
italumidwa kamodzi kokha, pangodya,
ngati yolawa mbewa.

Ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Salankhula nane kwenikweni.
"Eya." "Ayi." "Kaya." Chitseko phaa.

Ine ndimayendetsa kireni kudoko la Aberdeen,
manja anga anazolowera unyolo ndi zitsulo zozizira.
Buledi woyamba ndinamupha ndekha:
ndinathira yisiti mumkaka wowira,
n'kudikira maola atatu, mtanda uli duu
ngati munthu amene basi yamusiya.
Wachiwiri anatuluka mu uvuni ali gwa,
wotuwa ngati miyala yomangira mzinda uno.
Ndinagemulira mbalame za kudoko, zija zimadya n'zikwama zomwe.
Imodzi inajompha, n'kundiyang'ana, n'kuuluka.

Mayi Geddes a chipinda chapamwamba
anatsika ndi ndodo yawo atamva fungo lakupserera.
Anapisa kachala mumkaka wanga.
"Ukakuotcha iwe, waotchanso yisiti.
Ukhale ngati madzi osambitsira khanda.
Ndipo leka kuwaza ufa nthawi zonse ukachita mantha."
Sindinkadziwa kuti zimaoneka.

Tsopano ndi Lamlungu lachisanu.
Ufa theka la kilo, mkaka wofunda, shuga pang'ono,
mchere kumbali kwake, kutali ndi yisiti,
batala wofewa kumapeto.
Mtanda ukumata m'zala, ukukakamira pathebulo,
dzanja likupita lokha kuthumba la ufa.
Ndalibweza.
Pinda, kankha, tembenuza.
Pinda, kankha.
Wailesi ikuchenjeza asodzi za mphepo ya kumpoto,
mapewa akuwawa mosiyana ndi kuwawa kwa kuntchito,
ndipo penapake, sindinaone pomwe zasinthira,
chomata chija chasalala,
chayamba kundikankha nachonso.
Ndatsina kachidutswa, ndakakokera kugetsi:
kuwala kwadutsa, sikanang'ambike.

Khitchini yathu mu Novembala ndi firiji yokhala ndi zenera.
Mdima umagwa tisanamwe tiyi wa madzulo.
Ndiye mbale ndaiika m'kabati ya thanki ya madzi otentha,
pakati pa mataulo ndi masokosi a kusukulu,
ndatseka, ndaletsa maso anga kusuzumira.
Ndasuzumira kawiri.

Wafufuma. Ndauphwetsa, ndaukulunga ngati mkeka,
msoko pansi, m'chitini chopaka mafuta.
Wakweranso mpaka kusuzumira m'mphepete.
Ndadina ndi chala: kadzenje kakubwerera,
koma mosafulumira,
monga amayankhira mwana wanga.

Theka la ola pamoto.
Fungo lakwera masitepe, lagogoda zitseko zonse,
chake chokha sichinatseguke.
Ndapaka batala pamwamba akadali wotentha,
ndafunditsa kansalu kuti khungu lilefuke.
Mayi Geddes anati mpeni udikire mpaka azizire,
apo ayi m'kati mumasanduka phala.
Ndagona m'nyumba monse mukununkhira.

Cha m'ma 2 koloko, ludzu.
Getsi la kukhitchini likuyaka.
Ishbel waima osavala nsapato, juzi langa lakale mpaka m'mawondo,
kansalu kali pansi,
buledi wabooledwa kumutu ndi zala,
dzenje lolowa nkhonya,
m'kati muli mbee, wofuwofu,
iye masaya tolotolo, waya uja akung'anima.

Tayang'anana.
Wameza.
"Mchere wachepa," watero.
Kenaka: "Koma sakupweteka."

Wazimitsa getsi ine ndikadali momwemo.
Mumdima ndafufuza cholembera m'dilowa ya masipuni,
ndalemba pathumba la ufa, mosaona:
mchere, onjezerako.
M'mawa ndidula zomwe zatsala,
masilayisi anayi okhala ndi zenera pakati,
tchizi chikusuzumira.