Mabowo Atatu

Bambo anga, a Aulis, anagula kalavaniyi kwa mayi wina wamasiye ku Kuusamo,
yaing'ono, ngati dzira logonekedwa pa matayala awiri.
Okutobala anali ataluma kale,
madzi a m'ndowa akudzuka ndi khungu la ayezi.

Ine ndinagwira choboolera, iwo pensulo,
popeza manja awo masiku ano amanjenjemera
ngati akuwerenga ndalama zomwe palibe.

Hita ya dizilo inabwera m'katoni,
kachitsulo kofiira kotalika ngati mkono wanga,
ndi pepala la malangizo lomwe bambo analipinda kanayi
n'kuikapo kapu ya khofi.
Tinachotsa matiresi, tinatsegula bokosi la pansi pa bedi.
Apa, anatero. Ayi, sunthira kumanzere,
pansipo padutsa chitsulo chonyamula ngolo yonse.
Ndinagona chagada pamiyala yozizira
kufufuza ndi zala pomwe thabwa lili lokha.

Bowo loyamba linali la utsi.
Utuchi unandigwera m'maso, ndinatukwana,
iwo anachita ngati sanamve.
Paipi tinaikhotetsa kuloza kumbuyo,
kutali ndi chitseko, kutali ndi zenera la kumutu.
Kapampu tinakapachika mopendekeka pa mphira
kuti kasamagogode usiku ngati mlendo wobwera mochedwa.

Lachiwiri linali m'munsi mwa khoma, kumapazi,
lolowera mpweya watsopano. Sindinatsutse.

Koma atakwera pamakwerero
n'kujambula mzere wozungulira padenga,
ndinaika choboolera pansi.
Moto tagula ndi ndalama, ndinatero,
ndiye tiutsegulirenso njira yothawira?
Denga labwinobwino, losadonthapo n'kamodzi komwe?

Bambo anayang'ana mitengo ya paini nthawi yaitali.
Kenako anatchula dzina lomwe kwathu silitchulidwa.
Untamo, anatero. Mng'ono wanga.
Anapita kukawedza pa ayezi ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi.
Anagona m'galimoto, natseka mipata yonse ndi masokosi,
nayatsa kambaula ka gasi.
Tinam'peza atafunda bulangeti bwinobwino,
masaya ali psuu ngati munthu wathanzi,
magalasi atachita thukuta mkati, thukutalo litasanduka ayezi.
Sanazizidwe, Sointu.
Kuzizira sikunam'khudze n'komwe.

Ndinakwera. Ndinaboola.
Chidutswa cha denga chinagwera pabedi,
chozungulira ngati mbale ya mwana,
ndipo thambo lotuwa linasuzumira mkati.
Tinamata m'mphepete ndi guluu wakuda wonunkha,
tinavundikira ndi kachipewa ka pulasitiki.
Masikuluu anali asanu ndi limodzi;
limodzi linagwera mu udzu, tinalifuna mpaka mdima,
tinabwereka lina pa hinji ya kabati.

Hita inakana kawiri, paipi ya mafuta itameza mpweya.
Kachitatu inatsokomola,
inalavula utsi woyera kumbuyo kwa tayala,
kenako inayamba kupuma.
Fungo la penti watsopano akupsa, kenako palibe fungo.
Bambo anavula magolovesi,
anapachika ka alamu koyera pafupi ndi pilo,
anakadina kuti amve kulira kwake, anakadinanso.
Atatero anatambasula dzanja pansi pa bowo la padenga
kukhudza kaulusi ka kutentha komwe kankatuluka,
ngati munthu woperekeza mlendo pachipata
wosam'kakamiza kuti agone.

Tinagona pomwepo, pabwalo la nyumba yathu,
ngolo isanapite kulikonse.
Iwo anayamba mkonono msanga.
Ine ndinakhala maso, kuwerenga:
kapampu kamodzi, bambo kamodzi,
kapampu kawiri, bambo kamodzi,
kamphepo kozizira kakundinyambita zala zakuphazi
kuchokera kubowo lachiwiri lija.
Sindinalitseke.

M'mawa chipale chofewa chinali chitagwa pang'ono,
chitasungunuka mozungulira kachipewa kokha.
Ndinapaka chala pagalasi la zenera.
Chinabwera chouma.