Tinambala ta Kuseri

Juni wa ku Harare sadzera pakhomo.
Amatulukira m'simenti
n'kuyamba ndi akakolo.
Ndiwo mwezi umene foni yanga sigona.

Lero ndi ku Marlborough, kwa Mai Gwenzi.
Mahita atatu aatali agona m'tsinde mwa khoma
ngati agalu okhuta.
Mlamu wawo anawalumikiza onse
ku kathemositati kamodzi,
Lamlungu lina, asanavule n'komwe tayi ya kutchalitchi.
"Mukukamva kafungoko, a Kamtedza?
Ngati chipeso chagwera pa mbaula."

Ndayamba ndi kuzimitsa pabokosi lalikulu.
Kuti magetsi athima dera lonse
si chilolezo chogwira waya.
Akamabwera sanena odi.
Bambo anga anaziphunzira ku Mbare,
analipira zala ziwiri.

Ndamasula. Pulasitiki ili bii, yakhwinyata.
Kuseri kuli tinambala
timene munthu wachangu sawerenga:
maampu 16.

Tisungane wandigwirira tochi.
"Werengera," ndatero,
ndamupatsa pensulo ndi chibenthu cha katoni.
Hita iliyonse mawati 1,500.
Atatuwo pamodzi, 4,500.
Gawa ndi mavoloti 230.
Waluma mlomo, wafufuta, wayambiranso.
"Atsala pang'ono kukwana 20, ababa."

Makumi awiri
pamsana pa kanthu kolengedwera 16.
Ndipo ngakhale 16 yomweyo sitiidzaza mpaka m'milomo,
poti hita imakoka usiku wonse osapuma.
Ndowa yodzaza ndendende
imathera m'njira.

"Komatu kamagwira ntchito,"
atero Mai Gwenzi, manja m'thumba la juzi.
Eya mayi, kamagwira.
Tinthu totere sitidandaula.
Timangotenthera m'kati, phee,
mpaka usiku umene makatani adzatiyankhulire.

Ndayeza kunenepa kwa waya,
ndaona ngati bureka ikugwirizana naye.
Tiika kontakita, ndawauza,
mnyamata wamapewa woti azisenza katunduyo,
kathemositati kazingolamula:
yatsa, zimitsa.
Afunsa mtengo. Ausa moyo.
Ayang'ana bedi la mdzukulu wawo
limene lagunda khoma lomwelo,
ndipo apita kukatenga chikwama.

Pobwerera ku Mufakose, m'kombi,
bokosi la zida lili pamaondo,
ndaona Tisungane akulembabe pa katoni paja.
Lendi. Fizi ya Yamikani.
Mankhwala a shuga a azakhali ku Ntcheu.
Mapepala a pasipoti amene sakutha chaka chachitatu.
Wawonkhetsa, wajambula mzere pansi,
koma alibe chogawira.

"Nanga inu, ababa,
kuseri kwanu analemba angati?"

Ndinafuna kuseka.
Kondakita anali atatambasula kale dzanja,
ndiye ndinangosanthula m'thumba.
Kunjaku magetsi anabwera mwadzidzidzi,
nyumba ndi nyumba, msewu wonse mbee,
ana akukuwa m'mipanda,
ketulo aliyense, ayironi iliyonse, mbaula zonse
kukoka nthawi imodzi.

Ine ndinakhala chete
kumvetsera ngati penapake pakununkha.